KAUBWEYA KAKANG'ONO KANGATHE KUONONGA DISO

Palibe munthu wokulira kumudzi amene sadziwa ukali wa chitedze. Chilimwe chikafika, makoko ake atauma, kamphepo kokha kamakwanira kuulutsa ubweya wake, ndipo amene wadutsa pansi pa mtengo umene chitedzecho chidayangapo amafika kunyumba akudzikanda thupi lonse. Nazonso ziyabwe, mbozi zaubweya zija zimene zimagwa m'mitengo ndi kukwawa pa zovala zoyanika, zimatisautsa mwa njira yomweyi. Ambiri a ife timaliyesa vutoli laling'ono, loti munthu akasamba ndiye kuti latha. Pakhungu zimaterodi kawirikawiri. Koma ubweya woterewu ukalowa m'diso nkhani yake imakhala ina, pakuti ungathe kusiya chilema chosatha.

Mwezi uno tikufotokozerani za kangaude wina wa kutsidya kwa nyanja, wotchedwa tarantula, amene anthu a m'maiko ena amamuweta m'nyumba zawo. Madokotala a maso aphunzira zambiri kuchokera kwa anthu amene adavulazidwa ndi ubweya wa kangaudeyu, ndipo zimene adaphunzirazo zili ndi ntchito kwa ife tonse amene timakumana ndi ubweya woyabwa kumunda, kunkhuni ndi pakhomo.

KODI TARANTULA NDI CHIYANI?

Tarantula ndi dzina la banja la akangaude akuluakulu okhala ndi ubweya thupi lonse. Banjali lili ndi mitundu pafupifupi 1,000, ndipo imapezeka m'maiko otentha a dziko lapansi. Wamkulu koposa pakulemera ndi amene akatswiri amamutcha Theraphosa blondi. Iyeyu amakhala m'nkhalango za ku Venezuela, Guyana, Suriname ndi kumpoto kwa Brazil, ndipo akatambasula miyendo amafika pafupifupi masentimita 30, kutanthauza kuti angathe kudzaza mbale yodyera nsima.

Kwa ife nchodabwitsa kumva kuti munthu angawete kangaude, koma ku Britain, ku America, ku Germany ngakhalenso ku South Africa alipo anthu ambiri amene amasunga akangaudewa m'mabokosi agalasi, nkumawadyetsa nkhululu, mphemvu ndi tizilombo tina. Amawakonda chifukwa sachita phokoso, safuna malo aakulu, ndipo angathe kukhala masabata angapo osadya. Aakazi a mitundu ina amakhala ndi moyo zaka zoposa 20. Mitundu iwiri yodziwika kwambiri pakati pa oweta ndi wa ku Chile, wa ubweya wofiirira, ndi wa ku Mexico, wa mawondo ofiira. Onse awiri ndi ofatsa ndipo saluma wamba. Kufatsa kumeneku ndiko kumanamiza anthu. Poona kuti kangaudeyo saluma, amamunyamula m'manja, amamuyendetsa pamkono, ena mpaka kumuyandikitsa kumaso kuti amuonetsetse, osadziwa kuti chida chake chenicheni sichili kukamwa.

CHIDA CHAKE CHILI PAMIMBA

Akangaude ambiri a tarantula a ku maiko a America ali ndi malo ena pamwamba pa mimba yawo, chakumbuyo, pamene pamamera ubweya wapadera wodzitetezera. Ubweyawu ndi waung'ono zedi. Wambiri sufika ngakhale milimita imodzi m'litali, kotero kuti maso paokha sangauone bwino. Kangaudeyo akaopsezedwa amatembenuzira mbuyo yake kwa mdani, nkukanda mimbayo mofulumira ndi miyendo yakumbuyo. Nthawi yomweyo ubweya wosawerengeka umauluka ngati fumbi nkukagwera pankhope ya mdaniyo. Kutchire chida chimenechi chimathamangitsa mbewa ndi tinyama tina tofuna kumudya, ndipo kanyama kakang'ono kakapumira ubweya wambiri kangathe kufa.

Akatswiri atauika ubweyawu pa makina okuza zinthu adapeza kuti kaubweya kalikonse kali ndi timinga tambirimbiri toloza mbali imodzi, monga momwe iliri mbedza ya nsomba. Mbedza imalowa mosavuta koma kuti ituluke mpaka itang'amba. Nako kaubweyaka kakabaya sikabwerera m'mbuyo, ndipo kakagwedezeka kamangolowera mkati. M'chaka cha 1972 akatswiri atatu, a Cooke, a Roth ndi a Miller, adagawa ubweyawu m'magulu 4 malinga ndi maonekedwe ake. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira adaonjezerapo ena, kotero kuti lero magulu odziwika alipo 7. Gulu lachitatu ndilo limasautsa anthu kwambiri, pakuti limatha kulowa m'khungu mpaka mamilimita awiri.

Kangaude amene wathothola ubweya wake kawirikawiri amaoneka ndi dazi pamimba. Ubweya watsopano umabwera pamene wafundula, monga ichitira njoka. Chikopa chimene wafundulacho chimakhalabe ndi ubweya woyabwa. Kuonjezera apo, kangaudeyu amayala ubweya wake pa ulusi wa pakhomo pa una wake ndi pa thumba la mazira ake, kuti nyerere ndi adani ena asayandikire. Motero munthu angathe kuvulala osamukhudza nkomwe kangaudeyo, pongosesa m'bokosi lake kapena kukhuthula dothi la m'menemo. Anthu a mtundu wa Piaroa a ku Venezuela, amene amadya akangaudewa, amadziwa bwino zimenezi, ndipo amayamba awaula ubweyawo pamoto asanadye.

ZIMENE ZIMACHITIKA PAKHUNGU

Ubweyawu ukagwera pakhungu munthu amamva kuyabwa ndi kuotcha, malowo amafiira, kenaka pamatuluka timatuza kapena zidzolo. Malo amene amavutika kwambiri ndi a khungu lofewa, monga pakati pa zala, mkati mwa mkono, m'khosi ndi kumaso. Anthu samva mofanana. Wina amangomva kunyerenyesa kwa maola ochepa, pamene mnzake amene wagwira kangaude yemweyo amadzikanda kwa masabata awiri kapena atatu. Oweta ena amaona kuti m'malo mozolowera, thupi lawo limadana nawo ubweyawu mochulukira chaka ndi chaka, mpaka kufika poti kungotsekula bokosi kokha ayamba kale kuyabwidwa.

Kukanda ndiko kumakulitsa vuto. Zikhadabo zimakankhira ubweya mkati mwa khungu, zimaumwaza pamalo ena, ndiponso zimatsekula tizilonda timene tingalowe tizilombo toyambitsa mafinya. Choopsa china nchakuti ubweya umatsalira kuzala ndi m'zikhadabo. Munthu akaiwala nkutikita m'maso, wadzitengera yekha ngozi ija kuichotsa pamene idali yaing'ono nkukaiika pamene ili yaikulu.

M'MPHUNO NDI M'CHIFUWA

Popeza ubweyawu umauluka ngati fumbi, munthu angathe kuupumira. Zikatero amayetsemula kosalekeza, mamina amachucha, kukhosi kumakereketa, ndipo ena amatsokomola kapena kumva chifuwa kuthina. Odwala mphumu ndi ana aang'ono ndiwo ayenera kusamalidwa koposa. Munthu akayamba kubanika, kapena milomo, lilime ndi nkhope zikayamba kutupa, ameneyo ngwofunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

DISO NDILO LILI PANGOZI YAIKULU

Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera kamene kamaphimba mwana wa diso. Kagalasika nkopyapyala zedi, pafupifupi theka la milimita pakati pake, ndipo kuwala konse kumene timaonera kumadzera pamenepo. Kaubweya kaminga kakabaya pa kagalasika, chikope chimakakankha nthawi iliyonse pamene munthu waphethira. Akatikita ndi chala ndiye amakakhomerera. Pang'onopang'ono kamaboola nkulowa mkati mwa diso, ndipo nthawi zina kamayenda mpaka kumbuyo kwenikweni kumene kuli minyewa yoonera.

Thupi limayesetsa kulimbana ndi mlendo ameneyu. Diso limafiira, limatuluka misozi, limaopa kuwala, ndipo mozungulira kaubweya kalikonse mumapangika kachotupa kakang'ono. Madokotala amatcha nthendayi ophthalmia nodosa. Idadziwika koyamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, kale anthu asanayambe kuweta akangaude, ndipo amene ankadwala adali anthu olowedwa m'maso ndi ubweya wa mbozi. Nthendayi ikakula ingathe kusiya chipsera pa kagalasi kaja, kuyambitsa ng'ala, kapena kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuononga mtsempha woonera. Kuipa kwake nkwakuti imabisala. Diso lingaoneke ngati lapola, kenaka patapita masabata kapena miyezi nkudzukanso, munthu ataiwala kale chimene chidayambitsa.

Chitsanzo chodziwika bwino chidachitika mumzinda wa Leeds ku England. M'mwezi wa February 2009, bambo wina wa zaka 29 adafika pa chipatala cha St James's diso lake lili lofiira, likutuluka misozi ndiponso likuopa kuwala. Adaali atavutika kwa masabata atatu. Poyamba adapatsidwa mankhwala a matenda wamba a maso ofiira, koma sadathandize. Madokotala a maso atamuunika ndi makina okuza adaona tiubweya tating'onoting'ono titabaya kagalasi ka diso, tina pamwamba, tina mkati. Atamuuza zimenezi mpamene bamboyo adakumbukira kuti tsiku lina ankapukuta galasi la bokosi la kangaude wake wa ku Chile, ndipo atacheuka kangaudeyo adamuulutsira ubweya kumaso. Tiubweyato tidali tating'ono kwambiri moti madokotala adalephera kutizula ngakhale ndi zipangizo zawo zosongoka. Adamupatsa mankhwala odontheza oletsa kutupa, amene adagwiritsa ntchito kwa miyezi. Pofika mu August chaka chomwecho diso lidali likumusowetsabe mtendere pang'ono, ndipo nthawi zina ankaona timadontho tikuyandama. Nkhaniyi idasindikizidwa m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet mu January 2010, ndipo olemba ake adalangiza oweta akangaudewa kuti azivala magalasi oteteza maso.

M'nkhani imeneyi muli maphunziro awiri. Loyamba nlakuti si diso lofiira lililonse limene lili ndi matenda wamba a maso. Lachiwiri nlakuti masabata atatu adatayika chifukwa wodwalayo sadaganize kuti za kangaude zija nzofunika kuzitchula. Dokotala sangalote chimene chidakuchitikirani. Mumuuze zonse, ngakhale zimene mukuziyesa zopanda pake.

NANGA AKANGAUDE A KWATHU KUNO?

Ena mwa inu mwina mukufunsa za akangaude akuluakulu aubweya amene timawafukula polima kapena pogubuduza miyala. Ambiri mwa amenewa ndi a banja lomweli la tarantula. Amakhala m'mauna oyalidwa ndi ulusi woyera, ndipo amapezeka ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi maiko oyandikana nawo. Nkhani yabwino njakuti akangaude a tarantula a mu Africa ndi a ku Asia alibe ubweya wouluka uja. Chida chimenechi nchopezeka mwa a ku America okha. Akwathu kuno amadziteteza ndi mano. Akaputidwa amaimika miyendo yakutsogolo, ndipo akaumirizidwa amaluma. Kuluma kwawo kumapweteka kwambiri ndipo kungayambitse kutupa ndi kukokana kwa minofu, koma sikudziwika kuti kumapha munthu. Wolumidwa atsuke balalo ndi madzi ndi sopo, aikepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo apite kuchipatala ululu ukapitirira. Makolo, letsani ana kupisa zala kapena udzu m'mauna. Akangaudewa amadya tizilombo toononga mbewu, ndipo akasiyidwa sapalamula munthu.

Komabe pali abale athu ambiri amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'masitolo ku Johannesburg, Cape Town, London ndi mizinda ina, kumene akangaude a ku America amawetedwa. Wantchito angathe kutumidwa kupukuta bokosi la kangaude popanda womuchenjeza. Ngati muli ndi m'bale wotere, muuzeni zimene mwawerenga pano.

CHITEDZE NDI ZIYABWE

Kwathu kuno ubweya umene tiyenera kuusamala ndi wa ziyabwe ndi wa chitedze. Ubweya wa ziyabwe zambiri uli ndi timinga tofanana ndi ta kangaude uja, ndipo wa mitundu ina ulinso ndi ululu. Ndiwo udayamba kudziwitsa madokotala za nthenda ya maso imene tafotokozayi, ndipo ukalowa m'diso umayenda chimodzimodzi. Chiyabwe chakufa, chikopa chimene chafundula ndi kachikwa kamene chimadzikulungamo, zonsezi zimakhalabe ndi ubweya woopsa. Ana amene amakwera m'mitengo ya zipatso, amayi othyola nkhuni ndi abambo ogwetsa mitengo akuyang'ana kumwamba ndiwo amalowedwa m'maso kawirikawiri.

Chitedze chili ndi chinsinsi chakechake. Ubweya wa pa makoko ake uli ndi mankhwala achilengedwe amene akatswiri awiri a khungu, a Shelley ndi a Arthur, adawatcha mucunain m'chaka cha 1955. Mankhwalawa amadzutsa minyewa ya khungu mwa njira yosiyana ndi kuyabwa kwa udzudzu kapena kwa zidzolo wamba. Nchifukwa chake mapiritsi oletsa kuyabwa a kuchipatala sathandiza kwenikweni pa chitedze. Chofunika ndi kuchotsa ubweyawo. Mpaka lero akatswiri a m'maiko akutali amagwiritsa ntchito ubweya wa chitedze pofufuza m'mene kuyabwa kumachitikira m'thupi la munthu. Kalongonda amene amalimidwa m'madera ena a dziko lino ndi m'bale wake wa chitedze, koma makoko ake alibe ukali umenewu.

ZOYENERA KUCHITA UBWEYA UKAGWERA PAKHUNGU

1. Musakande, ndipo musagwire kumaso kufikira mutasamba m'manja.
2. Vulani zovala zimene zagwidwa ndi ubweya, osazikutumula pafupi ndi anthu, ndipo muzichape pazokha.
3. Ngati muli ndi selotepi kapena pulasitala, matani pamalo poyabwapo nkumatula. Bwerezani kangapo, nthawi iliyonse ndi kachidutswa katsopano. Ubweya wambiri umatsalira pa selotepiyo.
4. Tsukani malowo ndi madzi ambiri ndi sopo, mothira osati mokhula. Tsukaninso m'zikhadabo.
5. Ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira kuti kuyabwa kuchepe.
6. Kuyabwa kukapitirira masiku awiri, kapena pakayamba mafinya, pitani kuchipatala. Kumeneko kuli mankhwala opaka ndi akumwa ochepetsa kutupa.

ZOYENERA KUCHITA UBWEYA UKALOWA M'DISO

1. Musatikite diso, ngakhale liyabwe chotani. Ngati ndi mwana, mugwireni manja.
2. Sambani m'manja, kenaka tsirani madzi oyera ambiri m'disomo kwa mphindi 15, mutapendeketsa mutu kuti madziwo asalowe m'diso linalo. Madzi owiritsa ndi kuziziritsa ndiwo abwino koposa.
3. Musayese kuchotsa ubweya ndi kamtengo, nsonga ya chitenje, singano kapena lilime.
4. Phimbani disolo mosakanikiza ndi nsalu yoyera, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.
5. Uzani adokotala kapena anamwino chimene chalowa m'diso ndi nthawi imene chidalowa.
6. Akakutumizani ku chipatala chachikulu, pitani. Tiubweya timeneti timaoneka pa makina apadera ounikira maso, onga amene ali ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma.
7. Bwererani pa tsiku limene akuuzani, ngakhale diso litaoneka ngati lachira.

MANKHWALA OLAKWIKA AMAONONGA KOPOSA UBWEYA

Maso ambiri amafika kuchipatala ataonongeka kale ndi zimene zidathiridwamo kunyumba. Madzi a masamba ndi a mizu, mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, mkodzo, mandimu ndi fodya siziyenera kulowa m'diso la munthu. Zina zimaotcha kagalasi ka diso, zina zimalowetsa tizilombo pa bala limene ubweya watsekula. Diso limene likadachira m'masabata ochepa limasanduka loyera, losaonanso.

Chenjeraninso ndi mankhwala odontheza m'maso ogula pamsika kapena otsala kwa mnansi. Mankhwala oletsa kutupa amene adathandiza bambo wa ku Leeds uja ndi amphamvu, ndipo amaperekedwa pokhapokha dokotala ataunika diso. Akathiridwa m'diso limene lili ndi chilonda angathe kuchikulitsa mpaka diso kuphulika. Safunsa adadya phula.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Kwa oweta tarantula langizo ndi lachidule. Walira mvula walira matope. Kangaudeyu ngwoonera pagalasi, osati kumunyamula kapena kumuyandikitsa kumaso. Potsuka bokosi lake avale magolovesi, malaya a mikono yaitali ndi magalasi oteteza maso, ndipo akatha asambe m'manja. Ana asaloledwe kumugwira kapena kuseweretsa chikopa chimene wafundula.

Kwa ife a kumudzi, tiyeni tilambule chitedze pafupi ndi nyumba, sukulu, zitsime ndi njira chisanabereke, pakuti makoko akauma ntchitoyo imakhala yoopsa. Polambula tchire imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo valani zovala zophimba thupi. Musayanike zovala, matewera kapena zofunda pansi pa mtengo umene uli ndi ziyabwe, ndipo muziziyang'ana musanaveke mwana. Chiyabwe chikakugwerani musachipsinyire pakhungu, koma chichotseni ndi kamtengo kapena tsamba. Aphunzitsi ndi makolo auze ana kuti kuwazana chitedze si masewera, chifukwa mnzawo angathe kupunduka diso.

Khungu loyabwa limapola, koma kagalasi ka diso kakachita chipsera sikabwerera mwakale. Bambo wa ku Leeds uja adaali pafupi ndi madokotala ndi makina apamwamba, komabe adavutika miyezi yambiri chifukwa cha kanthu kosaoneka ndi maso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ubweya ukalowa m'diso lanu kapena la mwana wanu, musatikite, tsukani ndi madzi oyera, ndipo fulumirani kupita kuchipatala. Mukamaliza kuwerenga nkhaniyi, afotokozereni anzanu amene mwakhala nawo pamzere, ndiponso a kumudzi amene sadathe kubwera.